Kulendewera M'mwamba ndi Apongozi

Ine sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Ku Scarborough kuno ndimagula magalimoto otopa, mafiriji, njinga ndi matayala akale n'kumatumiza kumudzi m'makontena, ndipo amene anachitapo nane malonda amandidziwa: ndimanenerera mpaka mwini katundu ayambe kundipepesa. Mkazi wanga Hawa amati tsiku langa lomwalira ndidzadzuka kaye kuti ndifunse ngati nsalu yondikulungira ilibe yotsikirako. Koma alipo munthu mmodzi amene ndikangomva kutsokomola kwake pakamwa panga pamauma. Ameneyo ndi mayi ake a Hawa, apongozi anga, Abiti Saidi.

Kwathu ku Mangochi mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi ake aakazi. Sadyera nawo pamodzi, sakhala nawo mpando umodzi, akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Kumudzi mwambowu suvuta chifukwa tchire lilipo lambiri. Tayesani kuusunga m'nyumba ya zipinda ziwiri, bafa limodzi, pamwamba pa nsanjika. Apongozi atabwera kudzatithandiza kulera Imrani, mwana wathu wamng'ono, ine ndinasamukira pakhonde. Kudya pakhonde, foni pakhonde. Tikafuna kulankhulana tinkadzera mwa mwana. Iwo amati, "Imrani, auze bambo ako kuti mpunga watha." Ine, maso ali kukhoma, "Imrani, auze agogo ako kuti ndamva." Imrani mwiniwake mawu amene ankadziwa nthawi imeneyo anali "ayi" basi.

Chimene chinatinyamula ulendowu n'ichi. Tikiti ya apongozi yobwerera kumudzi inali ya mu Novembala. Hawa, amene amasamalira okalamba ku Etobicoke, anali atapeza malo pa sukulu ya unamwino yoyamba mu Januwale, malo amene anawadikira mpaka kutsala pang'ono kuwaiwala. Kumalo kosiya ana masana anatilemba pamzere woti Imrani adzafika kutsogolo atamera ndevu. Apongozi akapita, sukulu ya Hawa yapita nawo. Mapepala ankawalola kukhalabe, chinatsala ndi mtima wawo. Hawa anawapemphapo kamodzi, iwo anangoti "ndamva" n'kupitiriza kusankha nyemba.

"Mwana wawo angamukanire," anandiuza Hawa. "Koma mkamwini amene sanawapemphepo kanthu chikwatirire, sangamukanire. Mulankhule ndinu."

"Ine? Ndilankhule nawo bwanji?"

"Si inu munatsitsa mtengo wa firiji mpaka mkulu wa ku Markham uja analira? Amayi anga okha akukanikeni?"

Ndiye ndinaganiza mwa malonda. Munthu usanamutchulire mtengo umayamba wamufewetsa, umamuonetsa kokongola kwa katundu. Shakira, mwana wathu woyamba, anali atatisowetsa mtendere ndi malo ena achisangalalo a m'mapiri a ku Quebec, kumene kuli tinyumba topaka utoto ngati zidole, tingolo totsetsereka paphiri, ndi gondola, timabokosi ta magalasi tolendewera pa chingwe timene timanyamula anthu kuchoka pansi kupita pamwamba. Inali nyengo imene masamba amafiira. Ndinati apongozi akaone kuti Canada si chikepe chonunkha cha panyumba pathu chokha, mtima ukafewe, kenako ine ndidzaponya mawu anga kudzera mwa Imrani.

Tinapangana zonyamuka tikangoswali m'mawa. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Panali poto wa mpunga, nkhuku yokazinga, fulasiki ya tiyi, mabulangete okwanira gulu la mpira, ndi ndowa imene apongozi anakana kuisiya popanda kufotokoza ntchito yake. Vani yanga ndinaigula pa okushoni, ndipo mtengo wake ndinaunyadira kwa anthu ambiri. Chitseko chake cha pakati chimatseguka ndi kunja kokha, wailesi imagwira siteshoni imodzi ya nyimbo za alimi. Ubwino wake unali mizere itatu ya mipando. Apongozi ndinawaika kumbuyo kwenikweni, Shakira ndi kampando ka Imrani pakati, ine ndi Hawa kutsogolo. Ndinadziyamikira kuti mwambo ndausunga.

Ndikanadziwa. Nditangoyang'ana pa galasi loonera kumbuyo kuti ndituluke pamene ndinaimika, ndinakumana ndi maso a apongozi, ali ndendende pakati pa galasilo. Ndinatambasula dzanja n'kulikhotetsera kudenga.

"Mukuchita chiyani?" anafunsa Hawa.

"Dzuwa likundithobwa."

"Dzuwa lili kutsogolo, bambo a Shakira."

Ndinayendetsa ulendo wonse ndikuona denga la vani, ndikudalira magalasi a m'mbali ndi chifundo cha Mulungu.

Msewu wa 401 unali utadzaza ngati Toronto yense wauzidwa kuti asamuke. Inali sabata ya tchuthi chachitali, ndipo aliyense anali ndi maganizo anga omwewo okaona masamba. Mpaka ku Oshawa tinkakwawa. Galu wina amene anali m'galimoto ya pambali pathu ndinayenda naye limodzi nthawi yaitali moti tinayamba kudziwana. Shakira anatseka makutu ndi mahedifoni tisanatuluke mu Scarborough. Ndikamufunsa m'Chichewa ngati ali bwino ankayankha pa Chingerezi, liwu limodzi, osadzutsa mutu. Titadutsa Port Hope Imrani anasanza, ndipo ntchito ya ndowa ija inadziwika. Kuchokera kumbuyo kunamveka mawu odekha: "Imrani, auze amayi ako kuti aja amaseka ndowa aja asekenso."

Tinaima pamalo opumulira kufupi ndi Belleville. Mzere wa kuchimbudzi unkatulukira panja. Hawa anayala chakudya pa tebulo la matabwa pansi pa mtengo, ine ndinatenga mbale yanga n'kukaima kuseri kwa vani, kumene mphepo inkachokera. Mpunga unazizira ndisanaufikitse kukamwa. Mbalame zoyera zija zimene zimalanda chakudya m'malo oimika magalimoto zinandizungulira ngati ndili nazo ngongole, ndipo nditangotembenuka kuti ndiyankhe foni imodzi inanyamuka ndi ntchafu ya nkhuku. Mzungu wina wachikulire anandiyang'ana, anayang'ana banja langa patebulo, n'kundigwedezera mutu mwachisoni, ngati munthu wodziwa zokangana ndi mkazi paulendo. Sindinamufotokozere. Ndikanayambira pati?

Hawa anabwera ndi kapu ya tiyi. "Mwalankhula nawo?"

"Tangoyamba kumene ulendo. Katundu sanamuone."

"Musadikire mpaka tifike pabwalo la ndege."

Titatsala pang'ono kufika ku Kingston kamuvi ka kutentha kwa injini kanayamba kukwera. Ndinakaona, ndinakanyalanyaza, monga mmene ndimachitira ndi zinthu zambiri za vani imeneyi. Kenako panamveka phokoso ngati mpira waphulika, nthunzi inatuluka kutsogolo, ndipo tinatsetserekera m'mbali mwa msewu. Paipi ya rediyeta inali itang'ambika. Malole ankadutsa n'kumagwedeza vani yonse. Wokoka magalimoto anatiuza pafoni kuti akubwera posachedwa, ndipo posachedwa wakeyo tinamudikira mpaka tiyi anatha, mpaka Shakira batire la foni linamuthera n'kuyamba kuyang'ana dziko ngati munthu wotuluka m'chipatala. Wokoka uja atafika anati m'galimoto yake mukwana anthu awiri okha. Anayang'ana mozungulira n'kusankha ine, mwini vani, ndi apongozi, chifukwa ndi achikulire. Ndinachita kumuchonderera kuti atenge Hawa m'malo mwanga. Enafe tinaitanitsa takisi imene inabwera nthawi yakeyake.

Galaja yotsegula tsiku la tchuthi inali imodzi yokha, ndipo makaniko wake ankadziwa zimenezo. Atatchula mtengo ndinaseka kuseka kwanga kwa pamsika, kuja kosonyeza kuti tonse tikudziwa kuti ndi nthabwala. Iye sanaseke. Ndinamuuza kuti paipi ngati imeneyo ndili nazo zambiri ku Scarborough. Anati ndikatenge. Ndinamuuza kuti inenso ndine wa magalimoto, tithandizane ngati abale. Anapukuta manja, n'kundiuza mwaulemu kuti iye amalipiritsa pa ola, ndipo nthawi imene ndikulankhulayi yayamba kale kuwerengedwa. Ndinatseka pakamwa. Apongozi anali atayala chitenje pa kapinga kuseri kwa galaja, miyendo atatambasula, akusenda lalanje. Ndikudutsa chapatali ndinamva: "Imrani, auze bambo ako kuti chotchipa chawochi chatipumitsa bwino."

Hawa anandikodola ndi maso kuti mpata ndi umenewu. Ndinapukusa mutu. Munthu supempha kanthu uli ndi girizi kumaso.

Kuchoka pamenepo tinakhotera kumpoto kulowera ku Ottawa. Masamba analidi ofiira, ena achikasu, koma ine ndinkangoona kamuvi kaja. Titawoloka mtsinje kulowa mu Quebec zikwangwani zonse zinasanduka Chifalansa. Palibe anatifunsa pasipoti, komabe ndinamva ngati ndalowa dziko la eni. Shakira amaphunzira Chifalansa kusukulu chiyambire, ndiye pothira mafuta ndinati atifunsire njira. Anayang'ana mnyamata wa pakauntala, anayang'ana nsapato zake, n'kunong'ona kuti za njira sanafikepo, anaphunzira za zipatso ndi nyengo.

Malo ogona ndinabukitsa pafoni sabata yapitayo, ndipo ndinanenerera mpaka mayi wa kumeneko anavomera kutipatsa chimene anachitcha chipinda cha banja. Ine ndinamva ngati nyumba. Titatsegula chitseko tinapeza chipinda chimodzi, mabedi awiri oyang'anana, pakati pake kampata koti mbuzi singatembenukepo. Hawa anayamba kuseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinatenga mabulangete awiri n'kubwerera ku vani. M'mawa ndinadzuka khosi litapindikira kumanzere, magalasi atachita chisanu choyera ndi mkati momwe, phazi limodzi silikudziwa mwini wake. Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza kuti mabulangete anali ochuluka.

Ku malo achisangalalowo galimoto umaisiya kutali, pansi penipeni. Kukwera kumtunda, kumene kuli zosewera ndi malo odyera, n'kwa gondola. Pawindo la matikiti ndinayesa mwayi wanga womaliza. Ndinafunsa za mtengo wa banja. Ndinafunsa za okalamba, ndikuloza apongozi ndi chigongono. Ndinafunsa ngati pali kanthu ka alendo ochokera ku Africa. Mtsikana wogulitsayo ankangomwetulira n'kumaloza kanema wa mitengo pamwamba pa mutu wake.

"Dad, please," anatero Shakira, atabisala kumbuyo kwa amayi ake.

Mzere unali wokhotakhota pakati pa zingwe, ngati ng'ombe zopita ku dibi. Umayenda kulowera uku, umatembenuka, umakumananso ndi nkhope zomwe zija. Khosi linkandiwawa, Imrani ankalira, apongozi anamutenga n'kumubereka kumbuyo ndipo anatonthola. Ndikuyandikira ndinaona mmene zinthuzi zimayendera. Timabokosito sitiima. Timalowa m'shedi pang'onopang'ono, chitseko chimatseguka chokha, anthu amalowa kakuyenda, chitseko chimatsekeka, basi kanyamuka kupita kumwamba. Mkati muli mabenchi awiri oyang'anana. Ndinakonza dongosolo msanga: akazi onse ndi mwana alowe kamodzi, ine ndikwere kotsatira ndi anthu osawadziwa.

Koma wokweza anthu anali ndi dongosolo lake. Kabokosi kena kanafika kali ndi malo a anthu awiri, iye anakweza zala ziwiri, n'kukodola Hawa ndi Shakira amene anali kutsogolo. Apongozi nthawi yomweyo anali ataima pambali, akumanganso mfundo ya chitenje. Hawa anatembenuka kuti anene kanthu, chitseko chinatsekeka, anapita. Kotsatira kanafika kopanda munthu. Apongozi analowa mwachangu chimene sindinawaonepo nacho. Kumbuyo kwanga kunali gulu lalikulu lofuna kukwera limodzi, ndiye wokweza uja anangondigwira paphewa, akulankhula Chifalansa chofulumira, n'kundikankhira mkati. Ndinamva chitseko chikutsekeka kumbuyo kwanga.

Maondo athu anatsala pang'ono kugundana. Ndinayang'ana kumanja, galasi linandionetsa nkhope yawo. Kumanzere chimodzimodzi. Ndinayang'ana kunja chapansi, ndinaona nsonga za mitengo zikutsika, magalimoto akusanduka timabokosi ta machesi. Ndinali ndisanadziwe kuti ndimaopa m'mwamba chonchi. Pakhonde la kwathu pali simenti pansi pa mapazi. Apa panali chingwe chimodzi, ndipo ine ndagulitsapo zingwe zakale zokwanira kudziwa mmene zimathera. Pamapeto pake maso ndinawaika pa nsapato zanga.

Tili pakatikati, pamene pansi panali patali kwambiri, gondola inaima. Kabokosi kanapita kutsogolo, kanabwerera, n'kuyamba kugwedezeka ndi mphepo. Mu sipika munalankhula munthu m'Chifalansa, kenako m'Chingerezi chimene mphepo inadya theka. Ndinangomva kuti tidikire.

Apongozi anamasula Imrani, amene anali atagona, n'kumuika pamiyendo. Anamukonza kachipewa. Kenako anati:

"Imrani, auze bambo ako atchule mtengo. Katundu ndamuona. Masamba ofiira ndawaona, phiri ndaliona, galimoto yophulika ndaionanso. Akufuna chiyani?"

Mawu ndinali nditawakonza kuyambira ku Oshawa. "Imrani, auze agogo ako kuti chibwerere iwo nyumba yathu yasintha. Ana akunenepa, mnyumba mukuwala..."

"Auze asayambe ndi shuga. Ine ndagulitsa mpunga pamsika wa Liwonde mpaka tsitsi kuyera. Wogula akayamba kuyamikira chitenje changa ndimagwiritsa thumba la ndalama."

Ndinasiya shuga. Ndinanena mosazungulira za sukulu ya Hawa, za mzere wa kosiya ana, za tikiti imene ingasinthidwe. Ndinapempha kuti atsale mpaka nyengo yozizira ithe. Zonsezi ndinauza mwana wogona, amene ankatuluka dovu pa chitenje cha agogo ake.

Chingwe chinkalira pamwamba pathu.

"Bambo a Shakira."

Chikwatirire mwana wawo anali asananditchulepo mwachindunji. Ndinamva ngati kabokosi kagwa.

"Mwanayu wagona, tisamusenzetse nkhani za akulu. Kuno kulibe tchire loti mupatukire, ndipo palibe wa kwathu akutiona. Ndiyang'aneni."

Ndinayamba ndi phewa, kenako chibwano, kenako nkhope. Anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere kamene zaka zonsezi sindinkakadziwa. Maso anali a Hawa enieni, koma otopa kuposa anga, ine amene ndinagona mu vani.

"Mukuopa?" anafunsa.

"Pang'ono."

"Thukuta lili kamukamu, mukuti pang'ono. Inu mwakhalamo kanthawi kochepa. Ine ndakhala muno kuyambira tsiku munakanditenga kubwalo la ndege. Kabokosi ka magalasi, m'mwamba, anthu pansi ngati nyerere, palibe woti umupatse moni. Chitseko chotsegula ena. Wina akalankhula m'khoma sukumva chimene akunena, umangodziwa kuti akuti udikire. Ndiye mwandiyendetsa ulendo wonsewu, kuti mundisangalatse, n'kudzandipachikanso."

Iwo anapitiriza, mawu ali pansipansi kuti mwana asadzuke. Dimba lawo la mpunga analisiya m'manja mwa mwana wa mchemwali wawo. Chaka chatha analima iyeyo. Akalimanso chaka chino, anthu ayamba kulitchula dzina lake, ndipo dzina likakhazikika pa munda kulichotsa ndi milandu. "Dimba limenelo ndi la amayi anga. Likachoka kwa ine ndi la Hawa, likachoka kwa Hawa ndi la Shakira, kaya akulifuna kaya sakulifuna. Mvula yoyamba indipeze ndili pomwepo."

Apa mzimu wa malonda unandibwerera. Munthu akatchula chifukwa, ndiye kuti pali poyambira.

"Aganyu ndingalipire ine, amayi. Alime dimba lonse."

"Aganyu amalima. Saoneka ngati mwini."

"Ndiye mupite, mukaokere mpunga, mu Febuluwale mubwere."

"Ndidzabwera mpunga ukalowa m'matumba. Juni."

"Epulo."

"Juni."

"Meyi, tikiti ndigula ine, ya ndege yabwino, yosagona panjira."

"Tikiti mugula inu, zoona. Juni."

Ndinazindikira kuti ine ndakwera katatu, iwo sanasunthe, ndipo tikiti ndaipereka ulere. Chida changa chachikulu pa malonda ndi miyendo. Zikavuta ndimaimirira, ndimati zikomo, ndimayamba kuyenda ngati ndikupita, ndipo ndisanafike pachipata mwini katundu amandiitana. Thupi linayamba lokha kunyamuka pabenchi. Ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana nsonga za mitengo pansi pake, ndinakhalanso pansi bwinobwino.

"Nanga sukulu ya Hawa?" ndinafunsa. "Imrani atsala ndi ndani?"

"Ndi bambo ake."

"Ine ndili ndi bizinesi, amayi."

"Bizinesi yanu ndimaimva pakhonde tsiku lililonse. Ndi foni. Foni imafuna khutu limodzi ndi dzanja limodzi. Msana wanu uli pa ulova."

"Ndimapita ku okushoni, kumakontena..."

"Ine ndinkapita naye Hawa kumsika ali kumbuyo, thumba la mpunga pamutu. Ku okushoni kwanuko amaletsa ana?"

"Masiku atatu pa sabata ndingayese."

"Masiku enawo sukuluyo imatseka?"

Mphepo inakankha kabokosi, ndinagwira benchi ndi manja onse. Iwo sanagwire kalikonse, dzanja linali pamutu pa mwana. Ndinaganiza za Hawa akubwera kuntchito mapazi atatupa, mabuku a unamwino amene anagula kale ali pansi pa bedi. Ndinaganizanso za anzanga a ku okushoni akundiona ndi thumba la matewera. Ndinayesa kufufuza pena poti ndigwire, panalibe.

"Chabwino," ndinatero.

"Ndipo Hawa mukamuuza ndinu. Ine ndikayamba, alira."

"Amayi, mwanditenga zonse. Ngakhale banyira?"

Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akumwetulira. Dzino limodzi la m'mbali linali losweka. "Banyira alipo. Ndikuphunzitsani kubereka."

Pamwamba panagunda chitsulo, kabokosi kananjenjemera, tinayambanso kukwera. Tinamva pambuyo pake kuti anaimitsa chifukwa cha mphepo. Apongozi anatembenuzira nkhope kuwindo, ine maso anabwerera ku nsapato. Tikulowa m'shedi ya pamwamba anati, "Imrani, auze bambo ako apukute kumaso, angatichititse manyazi."

Hawa anali ataima potulukira, manja ali pachifuwa. Anandikokera pambali.

"Zatheka?"

"Tagwirizana. Sukulu mupita."

Anatsala pang'ono kululutira pakati pa azungu. "Amayi atsala?"

"Ayi. Wotsala ndine."

Ndinamufotokozera zonse, za dimba, za Juni, za msana wanga. Anayamba ndi kuseka, kuseka kuja kwa m'chipinda cha banja, koma kunathera panjira. Anapita pamene panaima amayi ake.

"Amayi, za dimba bwanji osandiuza ine?"

"Ukanalira, ine ndikanatsala," anatero apongozi. Anamasula chitenje chimene anaberekera mwana, anachikutumula, n'kupatsa Shakira. "Apatse bambo ako. Awerame."

Ndinawerama pamwamba pa phiri la ku Quebec, pamaso pa anthu ojambula masamba. Hawa anandiika Imrani kumsana, apongozi ankalangiza ali chapatali, akuyang'ana kumbali: mfundo ikwere, kathako kalowe bwino, asamange ngati akumanga katundu wa m'kontena. Shakira anajambula, ndipo kwa nthawi yoyamba paulendo wonse analankhula Chichewa popanda womukakamiza. "Adadi, mwakongola."

Za pamwambapo ndilibe zambiri. Phiri linali phiri, masamba anali ofiira, tiyi anali wodula. Shakira anakwera tingolo take, ine ndinkayendayenda ndi katundu wanga wofunda kumsana, ndikumva mfundo ikundidya pachifuwa. Pobwerera ndinafunsa ngati pali njira ya pansi. Inalipo, koma Hawa anati ndisachite zamanyazi, ndipo tinatsika tonse m'kabokosi kamodzi, ine nditatsinzina.

Tsiku lobwerera ku Toronto 401 inali yodzaza chimodzimodzi, khosi likadali lokhota, kamuvi ndikukayang'anabe. Titadutsa Kingston, Hawa anatambasula dzanja n'kuwongola galasi loonera kumbuyo, akuti atopa kuyenda ndi dalaivala woona denga. Ndisanadziletse ndinayang'anamo. Apongozi anali atagona, mutu utatsamira pa bulangete, kukamwa kuli pululu, ngati mayi amene wagulitsa mpunga wake wonse dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinalikhotetseranso kudenga, pang'onopang'ono, kuti ndisawadzutse.